Anti-spyware yatha nthawi ndipo ikukana update: poyambira pake ndi apa

Pulogalamu ya anti-spyware imagwira mapulogalamu okuzondani pogwiritsa ntchito mndandanda wa zizindikiro zawo, umene kampani imawonjezera tsiku ndi tsiku. Laisensi ikatha, makampani ambiri amasiya kukutumizirani mndandandawu. Pulogalamuyo imatsegukabe ndipo kachizindikiro kake kamaonekabe pakona, koma chilichonse chimene chatuluka pambuyo pa update yomaliza sikuchidziwa. Ndiye musanayambe kulimbana ndi intaneti, fufuzani kaye ngati laisensi yathadi kapena pali china chimene chatseka njira.

Tsegulani pulogalamuyo, pitani pa Subscription kapena Account muone tsiku lothera. Mukatero, yang'anani tsiku ndi nthawi pa kompyuta yanu, chifukwa apa ndi pamene ambiri amaphonya. Wotchi ikathamangira kutsogolo, laisensi yabwinobwino imaoneka ngati yatha. Ikabwerera m'mbuyo, kompyuta imakana satifiketi ya seva ya kampaniyo ndipo update imalephera. Pa Windows nthawi zambiri mumaona nambala 0x80072F8F. Pitani pa Settings, Time & language, Date & time, yatsani Set time automatically, kenako dinani Sync now. Ngati tsiku likusokonekeranso mukazimitsa kompyuta ndi kuichotsa kumagetsi, kabatire ka pa motherboard katha mphamvu. Kawirikawiri ndi CR2032 ya mavoti 3, ndipo pa desktop kusintha kwake n'kosavuta. Pa laputopu kamabisika mkati, ndi bwino kupita nayo kwa wokonza.

Ngati munalipira kale koma ikunenabe kuti yatha, tulukani mu akaunti n'kulowanso, ndi imelo yomweyo imene munagulira. Onaninso ngati kiyi ya laisensi ili ya mtundu wa pulogalamu umene muli nawo, ndiponso ngati simunadutse chiwerengero cha makina amene laisensiyo imalola. Nthawi zina vuto ndi ukalamba wa pulogalamuyo: kampani inasiya kuithandiza, ndiye muyenera kupanga dawunilodi yatsopano pa webusayiti yake yeniyeni. Windows nayo imakalamba. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 7 pa 14 Januwale 2020 ndi Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Pa Windows 7, ma update osainidwa ndi SHA-2, njira yotsimikizira kumene achokera, salowa pokhapokha mutaika kaye ma update a Windows otchedwa KB4490628 ndi KB4474419.

Laisensi ndi wotchi zikakhala bwino, kayikirani spyware yeniyeniyo. Mapulogalamu oipa amakonda kutsekereza ma update kuti asagwidwe, ndipo ena amachitira zimenezi mu fayilo ya hosts, imene imauza kompyuta adiresi ya webusayiti. Tsegulani Notepad ndi Run as administrator, kenako tsegulani C:\Windows\System32\drivers\etc\hosts. Mizere yoyamba ndi chizindikiro cha # ilibe vuto. Koma mukapeza dzina la kampani ya anti-spyware yanu kapena la Microsoft pafupi ndi 127.0.0.1 kapena 0.0.0.0, mzere umenewo ukubweza kompyuta kuti isafike ku seva. Ufufuteni, sungani fayiloyo, ndipo mu Command Prompt lembani ipconfig /flushdns. Onaninso proxy, seva imene intaneti yanu imadutsirapo, pa Settings, Network & internet, Proxy; ngati pali adiresi imene simunaike inu, izimitseni. Lamulo la netsh winhttp reset proxy limachotsa ina imene simaoneka pamenepo. Pa kompyuta ya kuntchito funsani kaye oyang'anira netiweki, chifukwa mwina proxy anaika dala.

Ziwiri zazing'ono: disiki ikadzaza update ilibe potera, ndipo nambala yake ndi 0x80070070, komanso Metered connection, yochepetsa kugwiritsa ntchito data, ikayatsidwa, mapulogalamu ena amadikira.

Tsopano ngati laisensi yathadi ndipo simukufuna kulipiranso, ichotseni pulogalamuyo. Kuisiya n'koopsa kuposa mmene ambiri amaganizira. Microsoft Defender, imene imabwera ndi Windows 10 ndi 11, imadzizimitsa ikaona kuti pali pulogalamu ina yoteteza. Imayenera kudzukanso inayo ikatha nthawi, koma zotsalira za yakaleyo nthawi zina zimaisokoneza, zikatero mumakhala ndi alonda awiri onse ali m'tulo. Ichotseni pa Settings, Apps, kenako gwiritsani ntchito chida chochotsera cha kampani yomweyo, chifukwa njira wamba imasiya madalaivala ndi zina mu registry, mmene Windows imasungira makonzedwe ake. McAfee ili ndi MCPR, Norton ili ndi Remove and Reinstall, Kaspersky ili ndi kavremover, Avast ili ndi avastclear imene imagwira bwino mu Safe Mode, pamene Windows imayatsa zofunika zokhazokha. Yambitsaninso kompyuta, musadumphe zimenezi. Malwarebytes ndi yosiyanako: nthawi yoyesera ikatha imasanduka yaulere, imalandirabe ma update, koma imasiya kulondera nthawi zonse.

Kenako tsegulani Windows Security, Virus & threat protection, muone ngati Real-time protection yayaka, ndipo dinani Check for updates. Ikakana, tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani cd "%ProgramFiles%\Windows Defender", kenako MpCmdRun.exe -RemoveDefinitions -DynamicSignatures, pomaliza MpCmdRun.exe -SignatureUpdate. Ikakanabe, tengani fayilo ya mpam-fe.exe, yokhala ndi ma update a Defender, pa webusayiti ya Microsoft pogwiritsa ntchito kompyuta ina, musankhe ya 64-bit kapena 32-bit molingana ndi Windows yanu, muibweretse pa flash.

Chenjerani kwambiri ndi uthenga wotulukira pakona wonena kuti McAfee kapena Norton yanu yatha pamene simunaiikepo n'komwe. Umenewo umachokera pa webusayiti imene inapempha chilolezo chotumiza mauthenga. Chotsani chilolezocho mu Notifications za Chrome kapena Edge, osadina ulalo wake. Makiyi akuba ndi ma crack, mapulogalamu othyolera laisensi, nawonso asiyeni, chifukwa ndi njira yodziwika imene spyware imalowera.

Ngati munapeza kuti hosts kapena proxy zinasinthidwa, update ikangolowa yendetsani Microsoft Defender Offline scan pa Scan options. Kompyuta imadziyambitsanso n'kufufuza Windows isanatseguke, kwa mphindi pafupifupi 15. Mapasiwedi a imelo ndi a kubanki muwasinthe pa foni kapena kompyuta ina, osati pa imeneyo.