Momwe mungadziwire mayina a matheche ndi kaimidwe ka m'mafilimu a karate

M'mavidiyo sho a pa Lizulu ndi pa Dedza boma, mwini filimu akangoulutsa mwendo, chipinda chonse chimakuwa kuti "karate!" Komatu zambiri mwa zimenezi si karate ayi. Karate kwawo ndi ku Okinawa m'dziko la Japan, kung fu ndi wa ku China, taekwondo ndi ya ku Korea, ndipo aliyense ali ndi mayina ake. Kuwadziwa sikovuta mukatsata njira iyi.

Yambani ndi khutu. Dzina lothera ndi "dachi" ndi kaimidwe ka karate, lothera ndi "geri" ndi theche la karate. Mukamva "chagi", limenelo ndi theche la taekwondo. A kung fu kaimidwe kawo kambiri kamathera ndi "bu".

Kenako imitsani filimuyo pafoni, muyang'ane mapazi, osati nkhope. Ambiri timathamangira matheche, koma katswiri amaoneka pa kaimidwe. Bondo lakutsogolo likapindika, mwendo wakumbuyo utawongoka, imeneyo ndi zenkutsu-dachi. A kung fu ali ndi yofanana nayo yotchedwa gong bu. Thupi likatsamira kumbuyo, kulemera kwake pafupifupi magawo 70 pa 100 kuli pamwendo wakumbuyo, ndi kokutsu-dachi. Munthu akatang'adza miyendo, mawondo onse atapinda ngati wakwera hatchi, msana uli chilili, ndi kiba-dachi, kapena ma bu kwa a ku China. Kaimidwe kameneka ndi kamene aphunzitsi a m'mafilimu amazunza nako ophunzira atsopano, ndipo sachita nkhanza chabe: amalimbitsa ntchafu. Palinso neko-ashi-dachi, kaimidwe ka mphaka, pomwe phazi lakutsogolo limangogunda pansi pang'ono chidendene chili m'mwamba, lokonzeka kunyamuka.

Tsopano tsatani njira imene mwendo wadzera. Wopita kutsogolo molunjika ndi mae-geri, ku Korea ap chagi. Zala amazipindira m'mwamba kuti amenye ndi kunsi kwake, apo ayi zimathyoka. Wozungulira chakumbali n'kukafika m'nthiti kapena kumutu ndi mawashi-geri kapena dollyo chagi, ndipo chinsinsi chake chili paphazi lotsala pansi, limene limatembenuka kuti chiuno chimasuke. A Muay Thai ku Thailand amamenya lomweli ndi msongolo. Wokankhira kumbali, thupi litapendekeka, ndi yoko-geri kapena yeop chagi, theche limene Bruce Lee ankadziwika nalo kwambiri. Wakumbuyo ndi ushiro-geri. Mukamva "tobi", dziwani kuti pali kudumpha. Zouluka pamwamba pa madenga zija ndi zingwe zimene amamumangirira munthu pojambula, musaziyesere.

Mukafuna kuyesa nokha, tenthetsani kaye thupi. Kuzizira kwa kuno ku Dedza m'miyezi ya June ndi July kumaumitsa minofu, choncho thamangani pang'ono mpaka kathukuta katuluke. Pezani bwalo losalala, osati simenti yopolisha. Imani kiba-dachi masekondi 30, mupume, mubwerezenso. Pa theche, gwirani khoma, kwezani bondo, tambasulani mwendo pang'onopang'ono, ubwezeni momwe unapitira musanauponde pansi. Kubwezako ambiri amakunyozera, chonsecho ndiye kumene kumamuteteza munthu kuti asagwidwe mwendo. Musakweze kupitirira m'chiuno masabata oyambirira, ndipo musawongole bondo mpaka lilire. Thumba la madeya lopachika pamtengo ndi labwino kumenyapo kuposa la mchenga, limene limalimba n'kuvulaza mapazi.

Chonde musayesere pa mng'ono wanu kapena mnzanu wa kusukulu. Theche la kumutu limatha kupha. Zomenyana awiriawiri zidikire mpaka mutapeza mphunzitsi woti azikuyang'anirani ndi kukukonzani mawondo ndi chiuno.