Siling'i ya zitsulo kapena ya gypsum pa shopu ndi ofesi muno mu Lilongwe, musankhe bwanji?

Musanayambe kunenerera mitengo ndi mmisiri, tengani makwerero kaye muyang'ane m'mwambamo muwerenge zinthu zomwe siling'iyo idzabise. Mawaya a magetsi, a intaneti, a CCTV, mapaipi a aircon, mapaipi a madzi ngati pamwamba pali zimbudzi kapena ofesi ina. Zikachuluka zimenezi ndekuti nkhani yatha kale, mukufunika siling'i yopachika ija ya matailosi, chifukwa mwezi sudzatha wina asanafune kulowetsamo mutu. Ngati m'mwambamo mungodutsa mawaya a mababu basi, gypsum ikukwanirani bwinobwino.

Yopachikayo imayenda chonchi. Mmisiri amakhoma kachitsulo kuzungulira khoma lonse pa levulo imodzi, kenako amapachika zitsulo zazitali zooneka ngati T wozondoka, chimodzi chimakhala mamita 3.6, zimatalikirana mamita 1.2 ndipo zimalendewera pa mawaya omangidwa ku silabu kapena ku mathirasi. Pakati pake amalumikiza tizitsulo tifupitifupi mpaka papangike timabokosi ta 600 ndi 600 mm, ena amakonda 600 ndi 1200. Matailosi amangowakhazika m'timabokosimo, kapena amawakanikiza kuchokera pansi nkugwira okha, amenewa ndi omwe amati clip-in, amakhala ndi frame yawoyawo ndipo zitsulo zake sizioneka. Chenjerani apa, mu frame ya T ija mumalowanso matailosi ofewa aja omwe ali m'maofesi ambiri ku City Centre, komanso a gypsum omata pulasitiki pansi, nde munthu akangolemba pa kotesheni kuti suspended ceiling musaganize kuti ndi yachitsulo. Muuzeni abweretse tailo imodzi muigogode ndi chala, yachitsulo imalira ndipo m'mbali mwake ndi mopindidwa, yofewa ija ukaikanda ndi chikhadabo imanyenyeka. Mufunsenso ngati ili ya aluminiyamu kapena chitsulo cha galvanised, ndi kuchindikala kwake, zambiri zimakhala pakati pa 0.5 ndi 0.7 mm, yopyapyala kwambiri imapindika ndi dzanja la woika yemweyo.

Gypsum, yomwe ambiri timangoti rhino board potengera dzina la Rhinoboard, ndi mabolodi a 1.2 ndi 2.4 mamita omwe amawamanga ndi ma screw pa frame, molumikizana amamatamo tepi, kupaka pulasitala wake, kukwecha, kenako penti. Ikatha imakhala yosalala ngati khoma, palibe mzere, ndipo ndi imene imalola masitayilo aja a masitepe ndi magetsi obisika omwe mukuwaona m'masaluni ndi m'malesitilanti ku Area 47 ndi Area 10. Pa kukongola sindikutsutsani, gypsum ndi yowina. Zipangizo zake nthawi zambiri zimatsikirapo mtengo kusiyana ndi matailosi achitsulo, koma ntchito yake ndi yaitali, pulasitala afuna aume, kukwecha kumadzutsa fumbi loyera lolowa mpaka mu kompyuta, ndiye ngati shopu ikugulitsa kale kapena lendi yayamba kuwerengedwa masiku amenewo ndi ndalamanso.

Tsopano madzi, apa ndi pomwe anthu amalira. Mvula yathu ikayamba kumapeto kwa chaka mpaka Malichi, kabowo kamodzi ka msomali pa lata ndi kokwanira. Gypsum ikamwa madzi imayamba ndi kadontho kofiirira, kenako chimakula, bolodi imafewa nkuyamba kulendewera, nkhungu yakuda imamera, ndipo kukonza kwake ndi kudula chigamba, kumata, kupaka pulasitala, ndiye penti yatsopano siigwirizana ndi yakale mpaka mupente chipinda chonse. Tailo yachitsulo mumangoichotsa, kupukuta, kubwezera, ndipo mwaona kale pomwe pakudontha. Ilipo gypsum yobiriwira yopirira chinyezi, ndi yabwino ku bafa, koma siyopangidwira denga lothonya ayi. Ndipo si mvula yokha, mu Okutobala aircon ikamagwira tsiku lonse paipi yake yosakutidwa bwino imachita thukuta nkumadonthera pa siling'i, anthu nkumadabwa kuti kunja kuli ng'amba madzi akuchokera kuti. Konzani denga ndi mapaipi kaye, siling'i pambuyo, zilibe kanthu mwasankha iti. Ku khitchini ya lesitilanti, butchala kapena chipatala chaching'ono komwe mumafuna kupukuta pafupipafupi ine ndingaike aluminiyamu yopanda mabowo, siichita dzimbiri ndipo mafuta amachoka ndi nsanza.

Fumbi la Lilongwe mukulidziwa kale, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa. Limaunjikana m'mwambamo ndipo pa siling'i yopachika limatsikira m'mipata, makamaka shopu za m'mbali mwa msewu zomwe chitseko chimakhala chotsegula tsiku lonse, mphepo ikalowa matailosi ongokhazika aja amanyamuka nkukhala mopendama. Malo otere tengani clip-in kapena muuze mmisiri aike tomangira pamwamba pa tailo iliyonse. Gypsum pa fumbi ilibe vuto, ndi yotseka.

Phokoso lili pawiri ndipo anthu amasokoneza. Pali kulira kwa mawu m'chipinda momwemo, monga holo ya banki kapena ofesi ya anthu 20 aliyense ali pa foni, apa gypsum yosalala ndi matailosi apansi zimabweza mawu mpaka mutu kuwawa, chomwe chimathandiza ndi tailo yachitsulo ya timabowo yokhala ndi kansalu kakuda kumbuyo, kuonjezera insulation (chofunda chotchinga kutentha ndi phokoso) pamwamba ndiye bwino kwambiri, imachepetsanso kutentha ndi phokoso la mvula pa malata. Ndiye pali mawu odutsa kupita chipinda china. Siling'i yopachika pamenepa ndi yofooka, chifukwa khoma logawa zipinda likathera pa siling'i mawu amakwera nkudutsa m'mwambamo nkutsikira kwa neba. Kwa loya, dokotala kapena ofesi ya bwana komwe amakambako malipiro, khomalo lifike ku silabu, kapena ikani gypsum yochindikala ndi insulation.

Za moto mwachidule. Gypsum ili ndi madzi mkati mwa mwala wake, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a kulemera kwake, moto ukafika madziwo amasanduka nthunzi nkuuchedwetsa, ndipo ilipo ya pinki yopangidwira zimenezi. Chitsulo sichiyaka koma tailo yopyapyala siitchinga moto kupita m'mwamba, aluminiyamu imasungunuka pa madigiri pafupifupi 660. Nyumba yosanja kapena yosonkhana anthu ambiri izi zisiyireni amene anajambula pulani yomwe munapereka ku Lilongwe City Council, osangomvera wogulitsa.

Kuwerengera katundu sikovuta. Tailo ya 600 ndi 600 imalowa pafupifupi 2.8 pa sikweya mita, ndekuti ofesi ya masikweya mita 100 idya matailosi 278 kapena kuposerapo pang'ono. Bolodi ya gypsum imaphimba 2.88, ndiye malo omwewo ndi mabolodi 35. Onjezerani 5 mpaka 10 pa 100 pa zodula ndi zosweka. Zinthuzi zambiri ndi zochokera kunja, South Africa ndi China, nde mitengo imatsata dola, mukukumbuka kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023 makotesheni onse anangosanduka mapepala. Mukagwirizana gulani katundu yense pakamodzi, ndipo pa matailosi tengani bokosi limodzi lapadera mukasunge ku sitolo, chifukwa pakatha zaka ziwiri mtundu womwewo kuupeza mu Old Town kapena ku Kanengo ndi mwayi, ndipo zoyera sizifanana zonse, tailo imodzi yachilendo imaonekera patali ngati dzino lagolide.

Yezaninso kutalika. Yopachika imafuna mpata wa masentimita 15 kapena kuposa kuti tailo ipendeke potuluka, aircon ya m'siling'i imafuna wochuluka kuposa apo. Nyumba ya silabu yotsika kale, mukatsikanso mpaka kuchepera mamita 2.4 makasitomala adzamva kupanikizika, pamenepo gypsum yomamatira pafupi ndi silabu ndi bola.

Palibenso lamulo loti musankhe imodzi nyumba yonse. Polandirira alendo ndi mu boardroom gypsum, m'makolido momwe mukudutsa mawaya ndi mapaipi matailosi, kapena gypsum mozungulira m'mbali matailosi pakati, zimathandizanso kuti pasakhale tizidutswa toonda kukhoma. Ngati nyumbayo ndi yochititsa lendi ndiye yopachika imakupulumutsani, wa lendi aliyense amabwera ndi magawidwe ake ndi mababu ake.

Ntchito ikamayenda osangokhala pa WhatsApp kudikira zithunzi, pitani. Onani kuti levulo aitenga ndi laser kapena kapaipi ka madzi kuzungulira chipinda chonse, osati ndi diso. Mawaya opachikira amangidwe ku silabu kapena ku mathirasi, osati pa paipi ya madzi kapena ya magetsi, ndipo asatalikirane kupitirira mamita 1.2, apa ndi pomwe amisiri ena amabera, pakatha chaka siling'i yachita mimba pakati. Nyale zolemera, mafani ndi aircon zikhale ndi zopachikira zake zake. Pa gypsum frame ikhale yachitsulo, chiswe cha kuno sichisewera, mukakakamira matabwa akhale othira mankhwala, ndipo zitsulozo zitalikirane masentimita 40. Asaiwale kusiya kachitseko ka 600 ndi 600 pafupi ndi aircon iliyonse ndi pomwe pakumana mawaya, apo ayi wa magetsi adzabowola ndi sowo. Kontirakita wa ntchito yaikulu mufunseni satifiketi ya bungwe la boma loyang'anira makontirakita a zomangamanga. Ndalama yomaliza musapereke masana, dikirani kude muzimitse magetsi, muunike tochi mogoneka motsatira siling'iyo, molumikizana monse mosakwecha bwino ndi tailo iliyonse yopindika zidzaonekera, azikonze kaye.