Amayi anzanga, chiberekero chikamatsika pali thandizo

Ngati mukumva kulemera kumunsi, ngati pali chinthu chikufuna kutulukira ku njira yoberekera, makamaka madzulo mutaima tsiku lonse, ndipo mukagona pansi chimabwerera, mwina ziwalo zam'kati zatsika. Si chiberekero chokha ayi. Chikhodzodzo kapena matumbo a kumapeto nazonso zimatha kukankhira khoma la njirayo pamene minofu yozigwira yafooka. Ena mkodzo umadontha akatsokomola, ena amakodza koma osamaliza.

Minofuyi imafooka chifukwa cha kubereka kangapo, kubereka mwana wamkulu kapena movutikira, kusiya kusamba, kunenepa kwambiri, chifuwa chosatha, kudzimbidwa ndi kunyamula katundu wolemera. Si matenda opatsirana, komanso si khansa.

Vutoli likakhala laling'ono, yambani ndi masewera olimbitsa minofuyo otchedwa Kegel. Finyani ngati mukuletsa mkodzo ndi mpweya woipa, gwirani mpaka masekondi 10, masulani, bwerezani kangapo, katatu pa tsiku. Musamachite izi mukukodza. Pamafunika kupirira, chifukwa kusintha kumaoneka pakatha miyezi itatu kapena kuposerapo, ndipo ambiri amasiyira panjira apa. Thanani ndi kudzimbidwa kuti musamadzikakamize kuchimbudzi.

Kuchipatala angakuikeni kamphete kofewa kotchedwa pessary kochirikiza ziwalozo, kamene kamafunika kukaonetsa nthawi ndi nthawi. Opaleshoni ilipo, koma ngati mukufunabe ana, auzeni adokotala poyamba.

Zitsamba zolowetsa ku njira yoberekera zisiyeni, zimatha kuyambitsa zilonda. Mukaona magazi osakhala a msambo kapena mkodzo ukakana kutuluka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.