Momwe mungaphunzitsire wantchito watsopano padoko asanagwire katundu

Ndagwira ntchito yokweza ndi kutsitsa katundu m'sitima zapamadzi kwa zaka zambiri, ndipo masiku ano obwera kumene amayamba adutsa m'manja mwanga asanalowe m'gulu. Ndikulembera inu akapitawo anzanga chifukwa pali chizolowezi chomwe chimandiwawa mtima. Munthu amamukhazika m'chipinda, n'kumuonetsa kanema, n'kumupatsa chipewa cholimba ndi malaya owala, asaine pepala, basi ati waphunzira. Akatuluka panja sadziwabe malo oti aimepo, pomwe ngozi zambiri zomwe ndaziona zinagwera munthu amene anaima polakwika. Pangano nambala 152 la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, la mu 1979, limanena poyera kuti munthu asalembedwe ntchito yapadoko asanaphunzitsidwe mokwanira za kuopsa kwake. Waganyu wa tsiku limodzi nayenso ali momwemo.

Tsiku loyamba asanyamule kanthu. Yendani naye wapansi, mumuonetse njira ya anthu ndi njira ya magalimoto. Kenako mukwezeni pampando wa dalaivala wa forklift kapena reach stacker, magalimoto onyamulira katundu ndi makontena aja, injini itazimitsidwa, inu mukaime kumbuyo ndi m'mbali, muzimufunsa kuti, "Ukundiona?" Akaona yekha kuti munthu wamkulu wasowa m'maso ali pafupi chonchi, sadzaiwala. Muuzeni kuti asadutse pafupi ndi makina asanaonane maso ndi maso ndi dalaivala, ndipo dalaivalayo amukodole kaye.

Mukafika pa kireni, musangoti "usaime pansi pa katundu". Aliyense amavomera mawu amenewo, mawa lake n'kudutsa pomwepo pofuna chidule. Mupatseni nambala: kontena ya mafiti 20 ikadzaza itha kupitirira matani 30, ndipo chipewa chake sichinapangidwire zimenezo. Mugwiritseni twistlock m'manja, kachitsulo komangira makontena m'makona kaja, amve kulemera kwake, ndiye ayang'ane m'mwamba komwe kangachokere. Kuyambira pa 1 July 2016, malamulo a SOLAS, oteteza miyoyo ya anthu panyanja, amafuna kuti kulemera kwa kontena kutsimikizidwe isanakwezedwe m'sitima. Zinathandiza, koma sikelo siuza munthu momwe katundu anasanjidwira m'katimo. Kontena yolemera mbali imodzi imapendekeka ikanyamuka, ndipo katundu yemwe wasuntha paulendo amatsamira chitseko. Potsegula, amange lamba pazitseko, atsegule chimodzi, iye ali pambali.

Wopereka zizindikiro kwa woyendetsa kireni ndi mmodzi yekha. Koma chizindikiro choimitsa ndi cha aliyense, ngakhale wobwera dzulo. Achite chizindikirocho pamaso panu mpaka manja azolowere.

Pa zingwe ndi matcheni onyamulira, aphunzire kupeza kaye chilembo chosonyeza kulemera komwe chingwecho chimaloledwa kunyamula. Chopanda chilembo, chopindika, kapena chomwe tiwaya take tathothoka, chichotsedwe n'kudulidwa, kuopa kuti wina wa usiku angachitole. Chomwe atsopano samvetsa msanga ndi kutanyula kwa zingwe. Ine ndimamangirira chitsulo pakati pa chingwe, anthu awiri n'kugwira nsonga zake, kenako ndimawauza kuti azitalikirana. Manja awo amayamba kunjenjemera chitsulo chili chomwecho. Zingwe ziwiri zikatanyuka kufika madigiri 120, chilichonse chimakhala chikusenza kulemera kofanana ndi katundu yense. Zingwe zokochezera sitima nazo zili ndi ukali wake: chikaduka chili chokungika chimabwerera ngati chikwapu, ndipo chimathyola miyendo kapena kupha. Asaime molunjika nacho, asaponde m'kati mwa chingwe chozengezeka pansi, ndipo m'mphepete mwa madzi avale jekete loyandamitsa.

Pomwe ndimachedwapo kwambiri ndi m'mimba mwa sitima, chifukwa mdani wa mmenemo saoneka. Mpweya womwe timapuma uli ndi okosijeni pafupifupi magawo 21 pa 100 aliwonse. Matabwa ndi zipika zaziwisi, malasha, zitsulo zakale zochita dzimbiri ndi mbewu zimadya okosijeniyo pang'onopang'ono zikatsekeredwa paulendo. Kuchepa kwake sikununkha, ndipo munthu amatha kugwa pamakwerero asanazindikire kuti china chavuta. Mbewu zina zimakhalanso zitathiridwa mankhwala otulutsa mpweya wa phosphine wophera tizilombo, womwe umaphanso munthu. Chivundikiro chachikulu chitha kukhala chotsegula, koma kanjira ka makwerero ka m'mbali kali kosungabe mpweya woipa. Choncho salowa popanda chilolezo cholembedwa, mpweya usanayezedwe pamwamba, pakati ndi pansi, komanso popanda mnzake woimirira pakhomo. Mupatseni kachipangizo koyezera mpweya, akayatse yekha, amve kulira kwake.

Tsono muuzeni mawu ovuta awa, mukumuyang'ana kumaso: "Mnzako akagwa m'katimo, iwe usatsike." Mtima wa munthu wabwino umakana zimenezi, n'chifukwa chake nthawi zambiri m'malo otere mumatuluka mitembo iwiri kapena itatu, winayo ali wopita kukapulumutsa. Ntchito yake ndi kukuwa, kuimba alamu, kutseka pakhomo kuti wina asalowe, ndi kudikira ovala zipangizo zopumira. Kulankhula kokha sikukwanira apa. Yeserani ndi chidole cholemera ngati munthu, gulu lonse lilipo, kuti tsiku lenilenilo thupi lidzachite zomwe linazolowera.

Aphunzirenso kuwerenga zizindikiro za katundu woopsa. Malamulo a IMDG, okhudza kunyamula katundu woopsa panyanja, anagawa katunduyu m'magulu 9, ndipo gulu lililonse lili ndi chizindikiro ndi nambala yake pakontena. Sakuyenera kuloweza buku lonse, koma adziwe choyaka, chophulika ndi chapoizoni, ndipo akaona chikudontha kapena chakhalitsa pamalo osayenera, anene. Padoko la Beirut ku Lebanon, matani pafupifupi 2,750 a ammonium nitrate, mankhwala opangira feteleza ndi zophulitsira, anakhala m'nyumba yosungira katundu kwa zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, mpaka anaphulika pa 4 August 2020 n'kupha anthu oposa 200.

Pali kuvulala kwina kobwera mwakachetechete: msana, mawondo, makutu. Ngati mukuchita kukuwa kuti mnzanu woima pafupi akumveni, phokosolo lafika poti muvale zotseka m'makutu. Zitsulo zomangira makontena n'zolemera, azigwirizana awiri. Tulo nato ndi nkhani ya chitetezo, ndipo kapitawo amene amalola munthu kugwira usana ndi usiku motsatizana chifukwa sitima ikufulumira akuitana ngozi ndi manja ake.

Musamufunse kuti "wamva?", poti aliyense wofuna ntchito amayankha kuti eya. Muuzeni kuti akuphunzitseni inuyo, akuyendetseni padoko lonse akuloza pomwe sangaime ndi chifukwa chake. Pomwe wakakamira, bwerezani pomwepo. Masabata oyamba mumuphatike kwa mkulu wosamala, ngakhale akhale wochedwerapo, chifukwa watsopano amatengera zomwe manja a mnzake akuchita kuposa zomwe inu munanena. Safunsa anadya phula, koma munthu amafunsa pokhapokha ngati sasekedwa. Tsiku lomwe adzaimitse kireni koyamba, ngakhale zitapezeka kuti panalibe vuto, muyamikeni gulu lonse likumva, ndipo mulembe zomwe anaonazo m'buku la ngozi zomwe zikanachitika, kuti a shifiti yotsatira aziwerenge asanayambe ntchito.