Momwe Mungapangire Maselo a Mkati mwa Mitsempha ya Magazi mu Labotale

Mkati mwa mtsempha uliwonse wa magazi mwayalidwa maselo opyapyala otchedwa endothelial cells, omwe amawonongeka msanga munthu akamadwala matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Mu 2007, Shinya Yamanaka wa ku Kyoto, ku Japan, anasandutsa maselo apakhungu la munthu wamkulu kukhala stem cells, maselo otha kusanduka mitundu ina yambiri ya maselo a m'thupi, ndipo kuchokera ku stem cells otere ofufuza akutha kupanga endothelial cells m'mbale popanda kudula mtsempha wa munthu.

Yambani ndi stem cells athanzi omwe ayezedwa kuti alibe tizilombo ta mycoplasma. Pakani Matrigel, phala la mapuloteni lomwe maselo amamatirirapo, m'mbale, lekanitsani maselowo kuti likhale limodzilimodzi, ndipo muwafese m'madzi owadyetsa momwe mwathiramo Y-27632, mankhwala owateteza kuti asafe akasiyanitsidwa. Asungeni pa kutentha kwa madigiri 37, mu mpweya wokhala ndi 5 peresenti ya carbon dioxide. Pa kafesedwe ndi pomwe ntchito yonse yagona. Maselo akathithikana kapena akatalikirana kwambiri, ochepa okha ndi amene adzasanduke zomwe mukufuna, choncho ndi bwino kuwawerenga mosamala ndi kuyesa kachulukidwe kosiyanasiyana pa mtundu uliwonse wa maselo, chifukwa zomwe zinayenda bwino pa maselo a munthu wina sizikhala choncho nthawi zonse pa a wina.

Tsiku lotsatira thirani CHIR99021 ndi BMP4, ndipo mudikire masiku atatu. Mankhwalawa amalondolera maselo kuti akhale mesoderm, gawo la mwana wosabadwa lomwe limabala mtima, magazi ndi mitsempha ya magazi. Ntchito imeneyi siilumphika. Kenako sinthani madziwo, muike okhala ndi VEGF, puloteni yolimbikitsa kukula kwa mitsempha ya magazi, ndi mankhwala a forskolin kwa masiku awiri.

Pofika tsiku lachisanu ndi chimodzi m'mbale mumakhala maselo osakanikirana. Sankhani okhala ndi chizindikiro cha CD144 kapena CD31, mapuloteni opezeka kunja kwa endothelial cells, pogwiritsa ntchito timikanda ta maginito, kenako muwafese m'mbale yopakidwa fibronectin, puloteni yowathandiza kumatirira, osaleka kuwapatsa VEGF.

Musakhulupirire maso okha. Pa maikulosikopu maselo abwino amaoneka ngati timiyala toyalidwa mothinana, koma yezaninso ngati akupanga von Willebrand factor (puloteni yothandiza magazi kuundana), ngati akumeza acetylated LDL (timadontho ta mafuta tomwe endothelial cells amameza), ndiponso ngati akulumikizana n'kupanga timachubu mukawaika pa Matrigel. Ena owonjezera muwasunge mu liquid nitrogen, mpweya wa nitrogen woziziritsidwa mpaka kukhala ngati madzi, akadali atsopano, popeza maselowa akagawidwa kambirimbiri amayamba kutaya makhalidwe awo.