Kusamalira tizilombo ta m'nthaka kuti munda usaguge

Mu kasupuni kamodzi ka dothi lachonde mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso tochuluka kuposa anthu onse a padziko lapansi. Tizilomboti, pamodzi ndi nyongolotsi, ndi timene timaoletsa mapesi ndi masamba n'kuzisandutsa chakudya cha mbewu. Tikasowa chakudya timatha, munda n'kuguga, ndipo feteleza sagwiranso bwino ntchito chifukwa dothi silisunga chinyezi.

Yambani mwaupima munda wanu. Nthawi ya mvula kumbani kadzenje ka masentimita 30 mulitali, mulifupi ndi kuya. Dothi lamoyo limakhala loderapo, lofumbutuka m'manja, lonunkhira ngati la m'nkhalango, ndipo nyongolotsi sizisowa. Kenako umitsani chibuluma chimodzi n'kuchiika pang'onopang'ono m'kapu ya madzi. Chikasungunuka pompo madzi n'kuda bii, dziwani kuti mvula yamphamvu idzachita chimodzimodzi ndi munda wonse. Chibuluma chabwino chimanyowa koma osamwazika, poti timizu ndi zowolerana zachimanga pamodzi.

Chimene chimasakaza minda kwambiri ndi moto. Mapesi akapsa, nayitirojeni, chakudya chimene chimakulitsa ndi kubiriwitsa mbewu, amapita ndi utsi, phulusa lotsalalo n'kuuluzika ndi mphepo. Mukakolola, gonekani mapesi pamwamba pa dothi, ndipo aphimbe osachepera gawo limodzi mwa magawo atatu a munda. Madontho a mvula akamamenya dothi lapambalambanda, pamwamba pamauma gwa, madzi amalephera kulowa n'kuyamba kuthamanga ndi chonde. Chilengedwe chimatha kutenga zaka 1,000 kuti chipange masentimita awiri kapena atatu okha a dothi lapamwambali.

Alimi ena amakwirira mapesi ouma nthawi yobzala itakwana kale, kenako n'kudabwa mbewu zikumera zachikasu. Chimachitika n'chakuti tizilombo tija timabwereka nayitirojeni wa m'dothi kuti tiwoletse mapesiwo, mbewu n'kutsala ndi njala kwa masabata angapo. Ngati mukwirira, kwirirani msanga mukangokolola. Chiswe chikamadya zophimbira musachite nacho mantha kwambiri, chifukwa timauna take timalowetsa madzi ndi mpweya.

Manyowa athiridwe atapsa. Ndowe zaziwisi zimawaula mizu komanso zimabwera ndi njere za udzu. Pomanga mulu wa kompositi, sanjikizani zouma, zaziwisi ndi ndowe, mukuwaza madzi. Mukafinya m'dzanja, pazituluka dontho limodzi kapena awiri basi. Zikani ndodo pakati pa mulu: ikatuluka yotentha pakatha masiku ochepa, ntchito ikuyenda. Mulu ukamanunkha, madzi achuluka, utembenuzeni n'kuwonjezera zouma. Ukazizira msanga, kawirikawiri wauma kapena zaziwisi zachepa. Mukamatembenuza masabata awiri kapena atatu alionse, manyowa amapsa pa miyezi iwiri kapena itatu.

Chitaninso kasinthasintha ndi mbewu za m'gulu la nyemba. Zikayamba maluwa, zulani chomera chimodzi n'kung'amba timapundu ta kumizu. Tikakhala tofiirira m'kati ndiye kuti tikukoka nayitirojeni kuchokera mumpweya; toyera kapena tobiriwira sitikugwira ntchito.

Pamalo otsetsereka mizere idule chitsetso motsata akalozera (mizere yopimidwa yotsogolera mizere ina), ndipo pa kalozera aliyense bzalani vetiva motalikana masentimita 10 mpaka 15 kuti mzere wake utsekane msanga.