Bauti yotulutsira oyilo ikatha mutu: mmene mungaimasulire

Bauti ya pansi pa sampu (chosungira oyilo cha kunsi kwa injini) imatha mutu chifukwa cha zinthu ziwiri: wina anaimanga mopitirira muyeso, kenaka wina n'kubwera ndi shifitini kapena sipanala yosakwana bwino. Sipanala ikangoterereka kamodzi, lekani pomwepo. Mukakakamira, makona otsalawo atheratu.

Yambani mwaliza injini pang'ono kuti itenthe, koma osati mpaka kuwotcha dzanja. Kwezani galimoto ndi kuikhazika pa masitandi. Musalowe pansi ili pa jeke yokha.

Pukutani mutu wa bautiyo, muchotse dothi ndi oyilo, kenaka pezani soketi ya makona 6. Ya makona 12 imagwira m'nsonga mokha, ndipo nthawi zambiri ndiyo imawononga. Magalimoto ambiri a Toyota ndi Nissan bauti yake ndi ya 14mm, ambiri a Honda 17mm. Ngati ya 14 ikuzungulira yokha, tengani ya 13, muikhomere ndi hamala mpaka ilume. Khomani mopepuka ngati sampu ndi ya aluminiyamu, chifukwa imang'aluka msanga. Ikani chogwirira chachitali, dzanja lina likukankhira soketi kumutu kwa bauti, ndipo kokani pang'onopang'ono osagwedeza. Ambiri akagona chagada amasokonezeka n'kumamanga m'malo momasula: mukayang'anizana ndi mutu wa bauti, tembenuzani mosemphana ndi kayendedwe ka mivi ya wotchi.

WD-40, mankhwala opopera ofewetsa dzimbiri, musamudalire kwambiri pano. Mazinga a bauti imeneyi amakhala kale m'oyilo, vuto si dzimbiri.

Zikakanika, yesani soketi yapadera ya mano okhota mkati, imene imaluma kwambiri mukamamasula. Vayisi giripu, pulayala yodzikhoma ikagwira, imathandizanso ngati mutu watuluka mokwanira. Apo ayi, ikani tchizulo m'mphepete mwa mutu, chopendekera kumene bauti imamasukira, n'kumamenya pang'onopang'ono.

Njira yomaliza ndi kuwotcherera nati yatsopano pamutupo. Iyi asiyireni odziwa kuwotcherera, ndipo batire alichotse kaye.

Ikatuluka, bauti yakaleyo itayeni ndithu. Gulani yatsopano pamodzi ndi washala wake, chifukwa washala wakale ndiye amachititsa anthu kumanga mwankhanza pofuna kuletsa kudontha. Ilowetseni ndi zala kaye kuti mazinga asapingasane, kenaka mangani ndi sipanala yoyeza mphamvu. Pa Toyota zambiri zing'onozing'ono ndi pafupifupi 40 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira bauti), koma onani m'buku la galimoto yanu.